Sienta ikumatentha pa chitunda cha Chowe, akuti ndichotse thermostat

@Sienta_Namwera
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sienta ya 2008, injini 1NZ. M'tauni muno ndi msewu wa ku Monkey Bay ilibe vuto, koma ndikangowoloka mlatho wa Shire n'kuyamba kukwera Chowe kupita ku Namwera, kagetsi kofiira ka kutentha kamayaka ndisanafike pamwamba. Ndikaima pang'ono kamazima. Madzi a m'kabotolo kapambali amakhala atakwera mpaka kusefukira. Makaniko wina akuti nyengo ya kuno siifuna thermostat, kachitsulo kamene kamatsekereza madzi kupita ku rediyeta mpaka injini itatentha, tingochotsa basi. Ndichotse?

@Fundi_Mpondasi
Musachotse, achimwene. Ndipo musakwerenso nayo Chowe mpaka vuto litapezeka. Hedi (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda a injini) ya 1NZ ndi ya aluminiyamu, ikapsa kangapo imapindika, ndipo ndalama yake simudzaikonda. Sienta imeneyo ilibe muvi woonetsa kutentha, ili ndi timagetsi tokha, kena koonetsa kuti injini ikadali yozizira, kena kofiirako. Kofiirako kakamayaka ndiye kuti zafika kale poipa.

Tisiyanitse kaye. Galimoto imene imatentha itaima pamzere wa mafuta kapena podikira anthu, n'kumazizira mukathamanga, vuto lake kawirikawiri ndi fani. Yanu imatentha injini ikamakoka mwamphamvu. Zikatero ndiye kuti madzi akuchepa, kapena sakuzungulira bwino, kapena rediyeta ikulephera kutaya kutentha konse kumene injini ikupanga pa chitunda.

Mawa m'mawa, injini isanalizidwe, tsegulani chitsekerero cha pa rediyeta penipeni, osati cha kabotolo. Kabotolo kamanama, kakhoza kukhala kodzaza pamene rediyeta ili yoperewera. Madzi azioneka pakhosi pomwe. Onani mtundu wake. Akakhala a dzimbiri, timipata ta m'kati mwa rediyeta tayamba kutsekeka. Tembenuzani chitsekererocho muone labala wake ngati sanang'ambike.

Mundiyankhe ziwiri izi: mumathiramo chiyani, ndipo pokwera Chowe mumakhala mutanyamula anthu angati?

@Sienta_Namwera
Madzi a pamjigo, nthawi zina a pampopi. Anthu... tingoti imakhala yodzaza.

@Kondakitala77
"Yodzaza" ya ku Namwera ndi anthu khumi ndi matumba awiri a chimanga kumbuyo 😂

@Gogo_Dizilo
Ana inu mumakonda kuvutitsa zinthu zosavuta. Thermostat anaiikira mayiko ozizira ngati Japan komwe galimotozi zimachokera. Kuno mu Okutobala munthu umatuluka thukuta uli m'bafa, injini ikadikirenji kuti itenthe? Malole akale ndi ma Land Rover ambiri kuno ankayenda opanda kachitsulo kameneko ndipo ankakwera Chowe yomweyo msewu usanakhale wa tala. Chotsani, madzi aziyenda momasuka.

@Amagetsi_Soko
Madala, malole amene mukunenawo analibe kompyuta. Injini ya Sienta ili ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi, ndipo kompyuta imatengera pamenepo kuti ithire petulo wochuluka bwanji. Injini ikakhala yozizira imathira wambiri. Mukachotsa thermostat, m'mawa ndi usiku komanso potsika phiri injini siifika pa kutentha kwake koyenera, ndiye imamwa mafuta, mapulagi amada, petulo wosapsa amatsikira mu oyilo n'kumusungunula. Mphete za mapisitoni zimatha msanga.

Chachikulu n'chakuti kuchotsako sikuchiza. Thermostat yabwino ikafika pa madigiri 82 imayamba kutseguka, ikafika 95 imakhala itatsegukiratu. Pa chitunda cha Chowe imakhala ili bwankhu kale, siitsekereza kalikonse. Ngati rediyeta ndi yotsekeka, galimoto idzatenthabe, kungoti idzachedwako pang'ono chifukwa yayambira pozizira. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira m'injini osadutsa ku rediyeta. Ikachoka, kanjirako kamakhala pululu, madzi ena otentha n'kumabwerera m'injini osazizira.

@Gogo_Dizilo
Nanga ikafa yokha ili chitsekere?

@Amagetsi_Soko
Ikafa imasinthidwa, madala. Tayala likaphulika sitiyenda ndi atatu.

@Fundi_Mpondasi
Funso la a Gogo ndi labwino, chifukwa thermostat ikhoza kufa theka: imatseguka pang'ono, kokwanira pa msewu wa flati, kosakwanira pa phiri. Kuyesa kwake n'kophweka. Ichotseni, imangeni kawaya, ilowetseni m'poto wa madzi pa mbaula osakhudza pansi pa poto. Ngati muli ndi choyezera kutentha, ndi bwino. Ngati mulibe, yang'anani kuti iyambe kutseguka madzi asanawire, ndipo akamayandikira kuwira mpata ukhale wa mamilimita pafupifupi 8. Ikatseguka kampata kolowa chikhadabo chokha, yatha. Poika yatsopano, kamsomali kakang'ono kogwedera kamene kali m'mbali mwake kaloze m'mwamba, ndi kotulutsira mpweya. Ndipo labala wake aikidwe watsopano, osapaka silikoni ngati phala.

Koma ine maso anga ali pa madzi a pamjigowo. Ali ndi mchere umene umauma m'timipata ta rediyeta, komanso madzi okha opanda coolant, mankhwala othira m'rediyeta oteteza dzimbiri ndi kuwira, amadya aluminiyamu ndi zipsepse za pampu.

@Aphunzitsi_Sayansi
Ndionjezereko za chitsekerero, chifukwa anthu amachiona ngati chivundikiro wamba. Madzi amawira pa madigiri 100, kuno ku Mangochi pang'ono pansi pake chifukwa tili pamwamba pa nyanja yamchere ndi mamita pafupifupi 500. Injini ikamakwera phiri madzi ake amatha kuyandikira kapena kupitirira 100. Chimene chimawaletsa kuwira ndi kupanikizika kumene chitsekerero chimasunga. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1. Cha 1.1 chimakankhira kuwira kufika cha m'ma 120, ndipo ndi coolant wosakaniza theka ndi theka zimakweranso pang'ono. Sipiring'i yake ikafooka kapena labala akang'ambika, madzi amawira msanga, nthunzi n'kuwakankhira ku kabotolo. A Sienta_Namwera anena kuti kabotolo kamasefukira. Yambirani pamenepo, ndi chipangizo chotchipa kuposa zonse zimene zatchulidwa. Mugule cha nambala yofanana ndi chimene chinabwera ndi galimoto.

@Probox_Makawa
Kusefukira kwa kabotolo ine ndimati ndi gasiketi basi, chomata cha pansi pa hedi chija. Konzekerani kutsegula hedi.

@Fundi_Mpondasi
Ikhoza kukhala gasiketi, koma hedi siitsegulidwa mongoganizira. Pali zoyesa.

Injini ili yozizira, dzazani rediyeta, siyani chitsekerero chotsegula, lizani. Tithovu tingapo poyamba ndi mpweya wotsalira. Koma thovu likamatuluka mosalekeza, makamaka wina akaponda mafuta, ndiye kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. China, tsekani chitsekerero, lizani injini yozizira mphindi imodzi yokha, finyani payipi yapamwamba. Ikalimba gwa madzi asanatenthe n'komwe, si bwino. Solorani kachitsulo koyezera oyilo, tsegulaninso pothirira oyilo. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Utsi woyera wochuluka umene sutha injini itatentha ndi chizindikiro chinanso. Mapulagi nawo amanena: imodzi ikakhala yoyera mbee kusiyana ndi zinzake zitatu, silinda imeneyo ikutsukidwa ndi nthunzi.

Magaraja ena ali ndi kabotolo ka mankhwala abuluu kamene amaika pakhosi pa rediyeta. Mankhwalawo akasanduka achikasu, gasiketi yapita. Apo ayi muyeze kompuresheni, kupanikizika kwa mpweya m'masilinda. Pa injini imeneyi masilinda asasiyane kupitirira bar imodzi pa choyezeracho.

Zikapezeka kuti ndi gasiketi, hedi ipite kukayezedwa ngati siinapindike, isabwerere chomwecho. Mabawuti ake amamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, kuyambira pakati kupita kunja, kenako n'kupotoza mwa madigiri monga buku likunenera. Makaniko womanga ndi payipi yaitali "mwa kumva m'dzanja" mudzamuonanso pakatha miyezi iwiri.

@Amagetsi_Soko
Fani musaiiwale ngakhale zizindikiro sizikuloza kumeneko. Pa Chowe galimoto yodzaza imakwera pang'onopang'ono, mphepo yakutsogolo imachepa, ndiye fani imafunika. Yatsani AC galimoto itaima, fani iyenera kuzungulira. Ikapanda kutero onani fyuzi ndi relay m'kabokosi ka pansi pa boneti musanaweruze mota. Ngati inalumikizidwapo mawaya mwachidule, ikani pepala kutsogolo kwa rediyeta. Lizikokedwa kumamatira, osati kuuluzidwa. Mawaya akasemphana fani imazungulira chobwerera n'kumalimbana ndi mphepo ya pamsewu.

Suzumiraninso pakati pa rediyeta ndi kondensa ya AC. Pamadzaza udzu, tizilombo ndi fumbi, makamaka kwa oyenda misewu ya fumbi ngati ya ku Makanjira. Tsukani kuchokera kumbuyo ndi payipi ya madzi wamba. Makina opopera mwamphamvu a kotsukira magalimoto amagoneka zipsepse.

@Mayi_aNkope
Kwa ife osadziwa: kagetsiko kakayaka uli pakati pa phiri, uchite chiyani pomwepo?

@Fundi_Mpondasi
Zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi fani yake yonse, mawindo pansi. Hita imachotsako kutentha m'madzi a injini. Imani pamalo poonekera, osati pakona, kokani handibuleki, ikani mwala kutayala. Ngati palibe nthunzi kapena madzi otayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni ilire pang'onopang'ono mphindi ziwiri zitatu. Ngati nthunzi ikutuluka, zimitsani nthawi yomweyo. Chitsekerero osachigwira mpaka patapita theka la ola, ndipo potsegula muike chinsanza chochindikala, mupotoze pang'ono kaye mpweya uthe. Osathira madzi ozizira pa injini yotentha. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira pamene injini ili moto, madzi atsika kwambiri kapena pampu siikukankha. Pamenepo musailizenso.

Ndi potsika pomwe, mayi. Pali madalaivala amene amaika giya pa N kuchokera pamwamba pa Chowe kuti asunge mafuta. Zikatero mabuleki okha ndi amene amagwira galimoto yodzaza, amatentha, mafuta a mabuleki amawira, chopondera chimalowa pansi chopanda kanthu. Ikani pa B, kapena 2 ndi L ngati galimoto yanu ili ndi zimenezo, injini izithandiza kugwira.

@Mayi_aNkope
Ndiye tangoganizani mabuleki akana pa phiri limenelo, anthu khumi m'galimoto ya mipando isanu ndi iwiri. Malamba amakhala angati? Ndipo ma Sienta ambiri a hayala ndimaona anabaya kachitsulo pomangira lamba kuti galimoto isiye kulira kochenjeza.

@Kondakitala77
Mayi, anthu eni ake amakana. Kuno kukutentha, lamba amadetsa malaya, wina akuti akutsika pa Malindi turn-off pompa. Ndipo ambiri amati galimoto ikagwera mu Shire kapena ikayaka moto, womanga lamba ndi amene amatsalira m'kati.

@Aphunzitsi_Sayansi
Tiwerengere limodzi, a Kondakitala. Galimoto ikuthamanga 50 km pa ola, liwiro la m'tauni. Yagunda mtengo kapena lole yoima. Galimoto imaima m'kanthawi ka gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Thupi lanu silidziwa kuti galimoto yaima, limapitirira ndi 50 yomweyo mpaka litapeza choliimitsa: chiwongolero, dashibodi, galasi, kapena msana wa amene ali kutsogolo kwanu. Liwiro limenelo ndi lofanana ndi la munthu wogwa kuchokera mamita 10 m'mwamba. Pa 80 ndi mamita 25, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi.

Kuti thupi liime m'kanthawi kameneko, mphamvu yofunika ndi pafupifupi kuchulukitsa kulemera kwanu ka 14. Munthu wa makilogalamu 70 amakankha ngati tani imodzi. Palibe amene angadzigwire ndi manja pa dashibodi. Mwana wa makilogalamu 10 ali pamiyendo amakoka ngati makilogalamu 140, mwadzidzidzi, ndipo manja a mayi ake amatseguka okha.

Lamba amachita zinthu zimene manja sangathe. Amakumangirirani ku galimoto kuti muime nayo limodzi pamene kutsogolo kwake kukuphwanyika n'kumameza mphamvu. Amatamukanso pang'ono, zimene zimatalikitsa nthawi yoimayo. Ndipo mphamvu yotsalayo amaiika pa mafupa olimba, a m'chiuno ndi a pachifuwa, m'malo mwa nkhope ndi mimba. Lamba wa nsonga zitatu amene tili naye leroyu anapangidwa ndi Nils Bohlin wa ku Volvo mu 1959, ndipo kampaniyo inalola ena onse kumugwiritsa ntchito. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amanena kuti amachepetsa chiopsezo cha imfa kwa okhala kutsogolo ndi 45 mpaka 50 pa 100 aliwonse, ndipo kwa okhala kumbuyo amachepetsa imfa ndi kuvulala kwakukulu ndi pafupifupi 25 pa 100.

@Anesi_aUsiku
Za Shire ndi moto ndiyankhe ine. Galimoto isanalowe m'madzi kapena isanayake imakhala itagunda kaye kapena kugubuduzika. Wosamanga lamba amamenyetsa mutu n'kukomoka kapena kuthyoka dzanja. Wokomoka satsegula chitseko. Womanga lamba amakhala ali maso, amadina batani kamodzi, lamba wamasuka. Galimoto ikagwera m'madzi imayandama kanthawi kochepa. Masulani lamba, tsitsani windo nthawi yomweyo magetsi asanafe, tulutsani ana, tulukirani pawindopo. Osalimbana ndi chitseko, madzi amachikankha, ndipo osayamba kuimba foni.

Ngozi zofala pa misewu yathuyi ndi zina: mbuzi kapena wanjinga walowa mwadzidzidzi, tayala laphulika, galimoto yagubuduzika. Pogubuduzika wosamanga amaponyedwa kunja kudzera pawindo, ndipo nthawi zambiri galimoto yomweyo imamugwera. Amene amati "ndi bwino kuponyedwa kunja" sanaonepo chimene tala amachita ndi mutu wa munthu.

@Probox_Makawa
Kutsogolo ndavomera. Koma kumbuyo pali mpando wofewa kutsogolo kwako, ukagunda chiyani?

@Anesi_aUsiku
Ukagunda dalaivala. Tani imodzi imene aphunzitsi awerengera ija imafikira pamsana pa mpando, wakutsogolo n'kupanikizika pakati pa mpando ndi lamba wake. Wamanga bwinobwino koma wavulazidwa ndi mlamu wake wa kumbuyo. Chimodzimodzi katundu: batire, jeke, thumba la chimanga losamangidwa, zonse zimauluka kupita kutsogolo.

Kamangidwe nako n'kofunika, chifukwa lamba womangidwa molakwika amavulaza. Chigawo cham'munsi chidutse pansi, pa mafupa a m'chiuno, chokhudza ntchafu, osati pamimba. Chikakhala pamimba chimafinya matumbo ndi chiwindi. Chigawo cham'mwamba chidutse pakati pa phewa ndi pakati pa chifuwa. Osachilowetsa m'khwapa, chimathyola nthiti. Osachiponya kumsana. Chisapotoke, ndipo mukamanga kokani kuti chigwire thupi. Mpando usagonekedwe kwambiri galimoto ikuyenda, chifukwa munthu amatsetsereka pansi pa lamba, lambayo n'kukwera pamimba kapena pakhosi. Chotsamira mutu chikwezedwe kuti nsonga yake ifanane ndi pamwamba pa mutu, chimateteza khosi mukagundidwa kumbuyo.

Amayi oyembekezera azimanga. Cham'munsi pansi pa mimba, cham'mwamba pakati pa mabere n'kudutsa m'mbali mwa mimba.

Anthu awiri lamba mmodzi, ayi. Mwana pamiyendo n'kumangira limodzi ndi wamkulu, ayi kwambiri, wamkuluyo amamufinyira pa lamba. Ana azikhala kumbuyo. Lamba wa galimoto anapangira thupi la munthu wamkulu, mwana wosafika masentimita pafupifupi 135 amamudutsa pakhosi ndi pamimba, ndiye amafunika kampando kokweza. Khanda limafunika mpando wake woyang'ana kumbuyo, ndipo mpando umenewo usaikidwe kutsogolo pamene pali airbag, thumba la mpweya lofufuma pa ngozi lija.

@Mayi_aNkope
Anesi, mipando ya ana ija mtengo wake si wamasewera, ndipo mu minibasi simungaiike.

@Anesi_aUsiku
N'zoona, mayi. Pamene palibe, chocheperako kuipa ndi mwana kukhala kumbuyo, pampando wakewake, womangidwa, chigawo cham'munsi chili pa ntchafu. Choipitsitsa ndi kutsogolo pamiyendo, kapena ataimirira pakati pa mipando iwiri yakutsogolo.

@Chambo_Chowamba
Ine yanga ili ndi ma airbag awiri, ndiye lamba ndimamangira a trafiki basi ndikawaona pa rodibuloko.

@Amagetsi_Soko
Achimwene, pa chiwongolero chanu palembedwa SRS. S woyambayo akutanthauza kuti airbag ndi yongothandizira lamba. Imafufuma m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo makumi awiri a sekondi, ndi liwiro lofika 300 km pa ola. Inapangidwa kuti ikumane ndi munthu amene lamba wamugwira kale, itatha kufufuma. Wosamanga amakumana nayo ikadali m'njira, ndiye imamumenya kumaso ndi pachifuwa. Komanso imaphwa pompo. Galimoto ikagunda kachiwiri kapena ikagubuduzika, airbag ntchito yake yatha, lamba ndiye akadali pomwepo. Mukhale masentimita osachepera 25 kuchokera pa chiwongolero, ndipo wapambali asaike mapazi pa dashibodi.

M'malamba akutsogolo a magalimoto ngati Sienta, Vitz ndi Probox muli pretensioner, kachipangizo ka wonga kamene kamaphulika pa ngozi n'kukoka lamba kuti athine thupi lisanayambe kupita kutsogolo. Mulinso china chomasula lamba pang'onopang'ono mphamvu ikapitirira, kuti nthiti zisathyoke. Pretensioner imagwira kamodzi kokha. Galimoto yochita ngozi, malamba amene anamangidwa asinthidwe.

Ogula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito samalani apa. Mukatembenuza kiyi, kagetsi ka airbag kayake masekondi pafupifupi 6 kenako kazime. Kakapanda kuyaka n'komwe, wina anachotsa babu kapena anamata. Kakakhala chiyakire, pali vuto, ndipo airbag ndi pretensioner mwina sizigwira. Kawirikawiri ndi mapulagi achikasu a mawaya amene agwedera, kapena kalamba ka mawaya ka m'chiwongolero kaduka, makamaka ngati hutala nayo yasiya kulira. Musapime mawaya achikasu ndi mita kapena babu, mukhoza kuphulitsa. Musanawagwire chotsani waya wa negativu pa batire n'kudikira masekondi 90.

Kuyesa lamba: mukokeni mwadzidzidzi, agwire nji. Mutulutseni yense muone ngati sanayambe kuthetheka m'mbali kapena kupsa ndi dzuwa. Wothetheka sasokedwa kwa telala. Wobwerera mwaulesi nthawi zambiri ndi thukuta ndi fumbi: mutulutseni yense, panani ndi pegi, tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa, aume pamthunzi asanabwerere. Jiki ayi, amafooketsa ulusi.

@Chambo_Chowamba
Nanga kachitsulo koletsa kulira kaja kamaononga chiyani?

@Amagetsi_Soko
Kamauza galimoto kuti mwamanga pamene simunamange. Komanso ena amamanga lamba pamwamba pa kachitsulo kokhala ndi pobayira pake, ndipo tizitsulo ta pamsika timeneto sitinayesedwe kuti tingapirire tani imodzi.

@Gogo_Dizilo
Za lamba sinditsutsa. Koma tachoka pa injini ya mwanayu.

@Sienta_Namwera
Zikomo nonse. Zimene zapezeka ndi izi. Rediyeta inamwa lita imodzi ndi theka kuti idzaze, pamene kabotolo kanali pa mzere wapamwamba. Madzi ndi ofiirira. Labala wa chitsekerero ndi wong'ambika. Thovu losalekeza palibe, oyilo ali bwino, fani ikuzungulira. Thermostat m'poto yatseguka bwinobwino madzi asanawire. Che Fundi, ndingogula chitsekerero basi?

@Fundi_Mpondasi
Nkhani yabwino ndi yakuti gasiketi ikuoneka kuti yapulumuka. Chitsekerero chong'ambikacho chikufotokoza kabotolo kodzaza ndi rediyeta yoperewera: madzi amapita ku kabotolo injini ikatentha, koma ikazizira sabwerera chifukwa m'malo mokoka madzi rediyeta ikukoka mpweya. Gulani, koma musalekere pomwepo, madzi ofiirawo akunena zina.

Bwezeretsani thermostat, tenthetsani injini mpaka fani italira, zimitsani, chotsani kiyi. Yendetsani dzanja mosamala kumbuyo kwa rediyeta. Izitentha paliponse, pamwamba kwambiri, pansi pocheperako. Mukapeza chigawo chozizira pakati, timipata ta pamenepo tatsekeka. Onaninso pampu ya madzi: pansi pake pasakhale mkwasa wa madzi ouma, ndipo mukagwedeza pule yake, kagudumu koyendapo lamba wa injini, isagwedere. Lamba woizunguza asakhale wong'aluka kapena wolefuka.

@Probox_Makawa
Rediyeta yotsekeka amaitsegula n'kutokosa timipata ndi kawaya, imabwerera mwakale.

@Fundi_Mpondasi
Za mkuwa zakale zija inde. Izi ndi za aluminiyamu, matanki ake ndi apulasitiki opanidwa ndi timano. Timanoto tikapindidwa kawiri timathyoka, ndipo pulasitiki ya galimoto ya 2008 yauma kale. Yang'anani tanki yapamwamba: ikasintha kuchoka kukuda kupita ku khaki, kapena ikaoneka timing'alu pafupi ndi khosi, musatayirepo ndalama, pezani rediyeta ina. Ngati tanki ili bwino ndipo kuzizira kwa pakati n'kochepa, kutsuka kukhoza kuthandiza.

Kutsuka kwake: injini yozizira, tsegulani kampopi ka pansi pa rediyeta, madzi onse atuluke. Thirani madzi oyera, lizani mpaka itenthe hita ili yotsegula, dikirani izizire, khuthulani. Bwerezani mpaka otuluka akhale oyera. Omo, viniga ndi Coca-Cola zisalowemo. Kabotolo kachotsedwe katsukidwe pakokha. Pomaliza thirani coolant. Wa Toyota wa pinki amabwera wosakaniza kale, osaonjezera madzi. Wofunika kusakaniza, theka ndi theka ndi madzi oyera othira m'batire aja, osati asidi, werengani botolo. Gulani malita asanu ndi limodzi, otsala musunge m'galimoto. Mitundu yosiyana ya coolant isasakanizidwe.

@Amagetsi_Soko
Ndipo mpweya utuluke, apo ayi kagetsi kadzayakanso ndipo mudzati a Fundi ananama. Imikani galimoto kutsogolo kuli kokwera pang'ono. Thirani pang'onopang'ono, hita pa kutentha, chitsekerero chotsegula. Lizani, muzifinya payipi yapamwamba ndi yapansi, manja kutali ndi fani. Thermostat ikatseguka madzi amatsika mwadzidzidzi, onjezerani. Fani ikalira kawiri ndipo hita ikutulutsa mphepo yotentha, tsekani, dzazani kabotolo kufika pa mzere wapamwamba. M'mawa mwake onaninso zonse ziwiri injini ili yozizira.

Poyesa pa Chowe, pezani wa sikana, kachipangizo kolumikiza ku kompyuta ya galimoto koonetsa kutentha, akhale pambali panu, muyambe ndi galimoto yopanda anthu. Tisikana tina totchipa sitilumikizana ndi magalimoto opangira msika wa ku Japan, ndiye yesani musananyamuke. Nambala izisewera cha m'ma 85 mpaka 97. Ikadutsa 100 n'kumakwerabe fani ikulira, imani, rediyetayo ndi yosintha.

@Kondakitala77
Ikakhoza mayeso yopanda anthu, tibwerere ku khumi aja?

@Fundi_Mpondasi
Asanu ndi awiri, dalaivala ali momwemo. Chimanga chikwere lole.